Mmene mwana wa mlongo wanga anaphunzirira masamu pa WhatsApp kuno ku Santhe

Ntchito yanga ndi yotchajitsa mafoni, kugulitsa mayunitsi ndi kutumizira anthu ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money. Kabenchi kanga kali pamalo ena amalonda m'dera la Santhe kuno ku Kasungu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Chinkhoma kulowera ku Kamwendo. Chifukwa cha ntchitoyi makolo ambiri amandiyesa katswiri wa mafoni, ndipo funso limene landichulukira zaka zino ndi lakuti, "Achimwene, za maphunziro a pafoni zija n'zoona kapena angotidyera ndalama?" Ndimawayankha kuti zonse ziwiri zilipo, ndipo ndinaziona ndi maso anga pa mwana wa mlongo wanga, amene sukulu yake ndinkalipira ndine monga malume wake. Ndalemba izi kuti amene mukuganiza zolipirira mwana mphunzitsi wakutali mudziwe poyambira.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mtsikanayu n'kuti ali Fomu 3 pa CDSS (sekondale yoyendera ya m'dera) ina yoyendera panjinga. Amene mumaidziwa Kasungu mukudziwa kuti Malichi ndi mwezi wa fodya. Kuthyola m'mawa, kusoka masana, kupachika m'chigafa madzulo, kenako kusankha ndi kudinda mabelo. Mwana wamkulu akapezeka pakhomo nyengo imeneyo palibe amene amakumbuka kuti ndi wa sukulu, aliyense amangoona kuti manja achuluka. Makope ake analowa m'jumbo n'kupachikidwa pamsomali. Tinkati mwina atsegulira msanga, koma miyezi inangopita. Anzake angapo a m'mudzimo sanabwererenso m'kalasi: ena anatenga mimba, ena analowa m'banja, anyamata ena anatsata maganyu kumaesiteti. Tsiku lina mlongo wanga anabwera n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwana wanu uja sukulu ikumuchoka m'mutu. Chitanipo kanthu." Kwathu kuno mlongo akakuuza choncho, ndiye kuti nkhaniyo wakutula pamutu.

Boma linachitapo mbali yake. Ana a pulayimale anali ndi maphunziro pawailesi ya MBC, ndipo unduna wa zamaphunziro unaika manotsi a sekondale pa intaneti. Koma m'mudzi mwa mlongo wanga munali mafoni a mabatani okhaokha, ndipo intaneti imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa mjigo basi. Ndinagula foni ya Itel yogwiritsidwa kale ntchito, yosweka galasi pakona, n'kuiika padera kuti ikhale ya sukulu. Mtsikanayo ankabwera kwathu kudzaigwiritsa ntchito, ndipo inkagona kwa ine.

Choyamba chimene tinapeza ndi gulupu ya pa WhatsApp ya ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, yolowa ndi ndalama. Munali anthu mazanamazana. Usana ndi usiku munkagwa ma PDF: manotsi a Biology, a Geography, mapepala akale a MANEB, ena a mayeso a ku Zambia ndi ku Kenya, osakanikirana ndi mavesi a m'mawa, mikangano ya mpira ndi malonda a nsapato. Mtsikanayo anagwira ntchito, sindinganame. Ankakhala pansi n'kumakopera manotsiwo m'kope ndi zilembo zake zokongola, mpaka kope lalikulu linadzaza. Mayi ake ankasangalala kuona mwana akulemba. Koma nditatenga pepala lakale la masamu n'kumuuza kuti asove funso loyamba lenilenilo, anangoligwira cholembera chili m'kamwa. Mugulupumo munalibe munthu woona ntchito ya mwana aliyense. Wina akafunsa funso, mayankho anayi osiyana ankabwera kuchokera kwa ana anzake, aliyense akulimbikira lake, aphunzitsi ali zii. Kuunjikira mwana manotsi popanda womuchonga kuli ngati kuthira feteleza m'munda wosapalira: ndalama zimapita, chokula ndi udzu.

Chimene chinatitulutsa mugulupumo ndi china. Mugulupu ya WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake. Usiku wina foni ili pa tchaja inalira, ndipo nditayang'ana ndinapeza uthenga wochokera kwa mmodzi wa amene ankadzitcha aphunzitsi mmenemo: "Uli bho? Masamu ndikhoza kumakuthandiza pawekha. Tumiza chithunzi chako ndikudziwe kaye." Ndinaimba nthawi yomweyo. Atangomva mawu achimuna anadula, ndipo m'mawa mwake nambalayo inali itatibuloka. Mtsikanayo sanauone uthengawo, koma ndinamuonetsa dala kuti adziwe mmene anthu otere amayambira. Makolo, ngati mwana wanu ndi wamkazi, mfundo iyi ikhale yoyamba musanaganize za bandulo kapena za fizi: foni ikhale ya munthu wamkulu, ndipo isagone ndi mwana. Ngakhale wamwamuna, foni ikagona naye m'mawa mupeza bandulo yonse yathera pa mpira ndi TikTok.

Amene anatithandiza tinawapeza kudzera mwa mkulu wa mpingo wathu. Ndi mayi wobadwira konkuno amene amaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Mzuzu, ndipo nawonso nthawi imeneyo anali pakhomo sukulu zili zotseka. Titalankhula pafoni koyamba anandidabwitsa. Anati, "Amalume ake, ine manotsi sinditumiza. Buku la masamu mwanayo ali nalo?" Ndinati ali nalo lobwereka, lothothoka chikuto. "Basi limenelo. Ntchito yanga ikhala kumupatsa mafunso n'kumaona mmene akulakwitsira." Ndiwonso anapereka nzeru yoti titsegule kagulupu ka anthu atatu okha: iwowo, foni ya mwanayo ndi foni yanga. Chilichonse chopita kwa mwana chinkadutsanso m'maso mwanga. Madamuwo anati zimawateteza iwonso, chifukwa palibe amene angadzanene kuti analandira ndalama osagwira ntchito. Kuyambira pamenepo mphunzitsi aliyense amene kholo landifunsa za iye ndimamuyesera pomwepa. Akakana kuti kholo likhale mugulupu, ndimauza khololo kuti lifune wina.

Kachitidwe kake kanali kosavuta. Kumayambiriro kwa sabata Madamu ankatumiza mafunso ochepa, nthawi zina ongolemba pamanja papepala n'kujambula. Mtsikanayo ankawakopera m'kope, n'kukasova kunyumba foni palibe. Pakati pa sabata ankabwera kudzajambula ntchito yake n'kutumiza. Madamu ankazunguliza polakwika ndi kacholembera kofiira ka pa WhatsApp kaja, n'kubweza chithunzicho pamodzi ndi voice note. Mtsikanayo ankamvera, n'kukonza, n'kutumizanso. Sankadumpha kupita mutu wina zokonzazo zisanabwere.

Ndikumbuka bwino funso limene linaulula vuto lake lenileni. Linali lakuti x² − 5x + 6 = 0. Iye analemba (x + 2)(x + 3) = 0, ndipo pansi pake anaika mayankho molimba mtima n'kudula mizere iwiri. Ine ndinkayembekeza kuti Madamu angolemba yankho lolondola. Koma voice note inangoti, "Mwana wanga, usafufute kanthu. Chulukitsa mabulaketi ako awiriwo, undiuze ngati pakati pakutuluka minus 5x." Mtsikanayo anachulukitsa ali chikhalire pabenchi, napeza plus 5x. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amalume, ndiye kuti manambala onse awiri akhale a minus?" Ndinamuuza kuti afunse eni ake, ine masamu ndinasiyana nawo kalekale. Analemba (x − 2)(x − 3), n'kuchulukitsanso yekha osauzidwa, ndipo anaona kuti minus 2 kuchulukitsa ndi minus 3 ikupereka plus 6. Madamu atalandira anayankha kuti, "Eya. Tsopano ndaona pamene pakukupweteka. Si quadratic ayi, ndi manambala a minus. Tibwerere ku Fomu 1." Ndipo anabwereradi. Kwa kanthawi ndithu mwana wa Fomu 3 ankasova zinthu ngati −7 + 4 ndi −3 × −5, manyazi ali tho, mpaka zinakhazikika.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene tinkalipira. M'kalasi la pa CDSS, momwe ana amadzaza mpaka kukhoma ndipo mphunzitsi mmodzi amanyamula maphunziro awiri kapena atatu, palibe nthawi yoti aone kuti mwana uyu anasochera zaka ziwiri zapitazo pa chinthu chaching'ono chotere. Si ulesi wa aphunzitsi, makope ndi ochuluka kuposa maola. Mwanayo amangopitirira nacho chilemacho, mutu uliwonse watsopano n'kumamangidwa pamwamba pake, mapeto ake amangoti masamu ndi ovuta, si anga. Madamu ankanenanso kawirikawiri kuti pamayeso a masamu malikisi ena amaperekedwa pa njira imene wadutsa, osati pa yankho lokha, choncho ankakana ntchito yongolemba yankho. "Ndionetse mmene wafikira pamenepo," ndiwo anali mawu awo a tsiku ndi tsiku, moti ana anga kunyumba anayamba kumanyozerana nawo.

Chingerezi tinachiwonjezera pambuyo pake, chifukwa pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe ngakhale maphunziro ena onse utakhoza. Madamu anatilumikiza ndi mnzawo wophunzitsa phunziroli, n'kumuika mukagulupu komweko. Iyeyu ankapereka mutu wa composition kapena ndime yoti achite summary, ndipo ankachonga chimodzimodzi. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti ankamuuza mtsikanayo kuti awerenge mokweza zimene walemba n'kutumiza ngati voice note. Poyamba ankachita manyazi, ankakabisala kuseri kwa golosale. Koma powerenga mokweza ankazigwira yekha ziganizo zopanda mutu asanatumize n'komwe.

Tsopano za bandulo, poti apa m'pamene makolo ambiri amagwera mphwayi. Video call isiyeni. Imadya kwambiri, ndipo ndi netiweki yathu ya kumudzi mawu amaduka pakati, mphunzitsi akufotokoza mwana akungoona nkhope youma pagalasi. Chithunzi ndi voice note zimadya pang'ono, ndipo zimadikira: mukhoza kujambula kumudzi kopanda netiweki, uthengawo udzapita wokha mukafika pamene ikugwira. Voice note ilinso ndi ubwino wakuti mwana amaibwereza kangapo mpaka amve, chinthu chimene sangachite ndi mphunzitsi wa pabolodi. Makampani onse awiri, TNM ndi Airtel, amakhala ndi mabandulo a WhatsApp otchipirapo kuposa a intaneti yonse, ndipo pa ntchito yotereyi amakwanira. Mukalowa mu settings ya WhatsApp tsekani zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, apo ayi gulupu ya mpingo ndi ya banja zidzakudyerani bandulo ya mwana. Tsekaninso zoti mapulogalamu a mufoni azidzikonza okha pa data. Zinthu zikuluzikulu monga mapepala akale a mayeso muzitsitse kamodzi, muzisunge pa memori khadi, ndipo ana ena agawireni pa Bluetooth kapena Xender osawononganso kanthu.

Kujambula ntchito nakonso kuli ndi luso lake. Zithunzi zoyamba zimene tinatumiza Madamu anazibweza, ati akungoona mdima ndi chala. Mwana alembe ndi cholembera chakuda kapena chabuluu, osati pensulo yofuwa. Kope aliyale pansi panja pamthunzi kukuwala, foni aigwire molunjika pamwamba, tsamba limodzi chithunzi chimodzi, ndipo pamwamba pa tsamba alembe nambala kuti wochongayo asasokoneze dongosolo. Usiku ndi tochi zimatuluka zonyezimira pakati, zosawerengeka. Za moto wa foni ine sizinandivute chifukwa ndili ndi sola, koma kwa ena imeneyi ndi ndalama inanso yoti muiwerengere limodzi ndi bandulo.

Chovuta kuposa zonsezi chinali nthawi, ndipo sindinalimbane ndi wina koma mlongo wanga yemwe. Amafuna mwana aphunzire, koma madzi, nkhuni, kuphika ndi kuthirira nazale ya fodya mu Sepitembala ndi Okutobala zonse zimayang'ana mtsikana yemweyo, alongo ake aamuna ali ku bawo. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti masana akatha kudya, mpaka dzuwa litapendeka, mwanayo ndi wa sukulu, asatumidwe ngakhale kukagula mchere. Sizinayende bwino masiku onse. Koma tsiku limene ntchito sinatumizidwe Madamu ankafunsa mukagulupu muja, "Amalume ake, kwagwanji?" ndipo ine ndinkakwera njinga kukafunsa funso lomwelo kumudzi.

Sukulu zinatsegulidwa pang'onopang'ono, a Sitandade 8 ndi Fomu 4 mu Sepitembala 2020, enawo mu Okutobala, kenako zinatsekedwanso kwa kanthawi kumayambiriro kwa 2021. Ife sitinasiye. Tinangochepetsa ntchito kuti isalimbane ndi ya kusukulu, ndipo ndinapita kukawauza aphunzitsi ake a masamu zimene tikuchita. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anandipatsa mndandanda wa mitu imene adzaphunzitse teremu imeneyo kuti Madamu aziyendera limodzi nawo. Chitani chimodzimodzi. Mphunzitsi wakutali akamathamangira kutsogolo kapena kuphunzitsa njira yosiyana osafotokoza, mwana amasokonezeka n'kuyamba kunyoza aphunzitsi ake a m'kalasi, amene ndi omwe amakhala naye tsiku lonse. Funsaninso ngati munthuyo akuidziwa silabasi ya kuno, imene imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, komanso ngati anaphunzitsapo kalasi yolemba mayeso a MANEB. Pa YouTube pali aphunzitsi abwino a ku India, Nigeria ndi Kenya, koma amatsata masilabasi a kwawo. Mwana akhoza kutha sabata akuvutika ndi mutu umene sudzabwera n'komwe. Vidiyo izikhala yosankhidwa ndi mphunzitsi, pa mutu umene mwana ali nawo nthawiyo.

Pali chinthu china chimene ndimachiona chaka ndi chaka mayeso akayandikira, ndipo pantchito yangayi chimadutsa m'manja mwanga. Ana amabwera ndi ndalama zopindapinda, nambala atalemba pachikhatho, ati nditumizireni kwa aphunzitsi. Ukafunsa bwino umapeza kuti ndi munthu wa pa WhatsApp kapena Facebook amene walonjeza likasa, ati pepala lenileni la mawa. Ambiri mwa anthu amenewa amangotenga pepala lakale n'kusintha chaka pamwamba, ena akalandira ndalama amazimitsa foni. Ndipo ngakhale litakhala lenileni, tonse tinaona zimene zinachitika mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kumazungulira m'mafoni. Ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa, anakalembanso mu Januwale 2021, makolo n'kusakanso ndalama zoyendera ndi zodyera. Wogwidwa ndi likasa zotsatira zake zimafufutidwa ndipo nkhani imatha kufika kupolisi. Mphunzitsi wa pafoni akangoyamba nkhani ya "ndili ndi anthu anga ku mayeso," mutulutseni mwana wanu tsiku lomwelo. Ine mwana akabwera ndi nambala yotere ndimamuuza kuti akabwere ndi kholo lake. Ena amakwiya n'kupita kwa ejenti wina, koma ena amabwereradi ndi mayi awo nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali pamene foni inalephera, ndipo ndinene mosabisa. Physical Science yakale ija anaigawa pawiri, Physics ndi Chemistry, ndipo maphunziro amenewa pamodzi ndi Biology ali ndi mayeso a practical. Sukulu ya mtsikanayu inalibe labu yeniyeni. Anaonera mavidiyo a titration, kumene kuli kudonthetsera mankhwala amadzi mwa ena mpaka mtundu utasintha, mpaka kuloweza mtundu umene madzi aja amasintha, koma burette, kachubu kagalasi kokhala ndi kampopi kodonthetserako, anali asanaigwirepo. Kuona munthu akutsegula kampopi kaja pagalasi la foni n'kosiyana ndi kukatsegula wekha dzanja likunjenjemera, madontho akuthamanga. Patchuthi tinapempha malo pa sekondale ina yokhala ndi labu kufupi ndi boma, kumene ankachititsa maphunziro apadera, ndipo anakagwirako zipangizo masiku ochepa. Zinathandiza, koma mochedwa. Ngati mwana wanu akutenga masayansi pasukulu yopanda labu, yambani kufufuza za malo otere akadali Fomu 3, ndipo ndalama yake muisunge padera nthawi yogulitsa fodya kapena soya.

Za malipiro, mitengo ya nthawi imeneyo ilibenso ntchito lero, poti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene chingakuthandizeni ndi kachitidwe kake. Tinagwirizana zolipira mwezi ukatha, osati teremu yonse patsogolo. Sabata yoyamba inali yoyeserera, kuti tione ngati ntchito ikuchongedwadi komanso ngati ikubwera msanga. Potumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money dzina la mwini nambala limaoneka, choncho onetsetsani kuti ndi la munthu amene mukumudziwayo. Mukalandira uthenga wochokera ku nambala yachilendo wakuti "ndine aphunzitsi aja, foni yanga yavuta, tumizani pa nambala iyi," imbani kaye pa nambala yakale. Akuba a mtundu umenewu ndakumana nawo ambiri pantchito yanga. Ndipo mukapeza mphunzitsi wabwino mulipireni pa nthawi yake. Kuchonga ntchito pagalasi la foni usiku, munthu atachoka kuntchito kwake, n'kotopetsa. Mwezi wina fodya wa mlamu wanga atachedwa kugulidwa ku Chinkhoma ndinawauziratu Madamu, ndipo anadikira osadandaula chifukwa sindinawabisire.

Mtsikanayu analemba MSCE chakumapeto kwa 2021. Kwa amene simukudziwa kawerengedwe kake, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Masamu, amene pa Fomu 2 ankabwera nawo malikisi ochititsa manyazi, anapeza credit. Chingerezi credit. Chemistry anangodutsa ndi pass, ndipo iye mwini amati practical ndiyo inamugwetsa. Si zotsatira zoti n'kutchulidwa pawailesi, koma satifiketi yabwino anaipeza, ndipo m'kalasi mwawo amene anakhoza masamu anali owerengeka.

Si mwana aliyense amene njirayi ingamuthandize. Mng'ono wake wamwamuna, amene anali Sitandade 5, tinamuyesa zomwezo ndipo sizinagwire. Mwana wamng'ono sangakhale yekha ndi funso kwa ola lathunthu, ndipo pa Sitandade 5 m'pamene maphunziro amasinthira ku Chingerezi, choncho ngakhale funsolo sankalimva. Voice note ankaimvera ngati nyimbo. Amene anamuthandiza ndi mchemwali wake yemweyo, kukhala naye pamkeka madzulo n'kumawerenga naye buku mzere ndi mzere. Kwa ana a pulayimale, ndalama ya bandulo bola mupatse mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anamaliza Fomu 4 kuti azikhala nawo maso ndi maso. Za pafoni zimayamba kugwira mwana akafika poti akhoza kuwerenga funso yekha, kuyesa, n'kunena pamene wakanika.

Mabanja amene sangakwanitse okha foni, bandulo ndi malipiro a mphunzitsi akhoza kuphatikizana, ndipo pano mabanja angapo a m'dera lathu akuchita zimenezi. Foni ndi imodzi, imasungidwa ndi mayi wina amene onse amamukhulupirira. Ana amakumana pakhonde pake masiku ogwirizana, aliyense amasova m'kope lake, ndipo pamwamba pa tsamba amalemba dzina asanajambule kuti mphunzitsi adziwe mwini ntchito. Makolo onse amene ali ndi WhatsApp ali mugulupumo. Madamu anatichenjeza kuti ana asapitirire asanu pa mphunzitsi mmodzi, chifukwa akachuluka kuchonga kumasanduka kongoika tiki, ndiponso kuti azisova atatalikirana, popeza ntchito zikabwera zofanana mpaka polakwitsa pomwe amazibweza zonse osachonga. Ndalama ya bandulo amasonkha kumayambiriro kwa mwezi, ya mphunzitsi kumapeto, ndipo zonse zimalembedwa kumbuyo kwa kope limodzi limene kholo lililonse likhoza kuliona likafuna.